Ndithandizeni pa ma tense a Chingerezi, mayeso akuyandikira

Abale ndi alongo, makamaka inu aphunzitsi a Chingerezi, ndikupempha thandizo. Ndimakhala ku Chibavi kuno ku Mzuzu ndipo ndikukonzekera mayeso a Fomu 4. Paja osakhoza Chingerezi, satifiketi ya MSCE palibe.

Zandizunguza mutu ndi present perfect ndi past simple. Ndikudziwa kuti "I have eaten" siyendera limodzi ndi "yesterday", chifukwa ukatchula nthawi yomwe inatha kale umanena "I ate". Koma taonani izi: "She has lived in Luwinga for 5 years" ndi "She lived in Luwinga for 5 years". Ine ndimamva ngati poyambapo mayiyo akadali ku Luwinga, pomwe pachiwiripo anasamukako. Ndikulondola kodi? Nanga "has been living" ikusiyana pati ndi "has lived"? Apa mpamene pandivuta kwambiri, poti zonse ziwiri zimandimvekera bwinobwino.

Chinanso, mu reported speech, n'chifukwa chiyani "I am tired" imasanduka "he said he was tired" ngakhale munthuyo akadali wotopa?

Ngati kuli gulu lowerengera limodzi madzulo cha ku Chiputula kapena ku Katoto, chonde mundidziwitse, ndilowe nawo.