Bambo akadzatisiya, chigayo chidzayendetsedwa ndi ndani?

Abale anga pagulu pano, ndithandizeni nzeru. Bambo anga ali ndi chigayo kwathu ku Dedza, anachiyamba ine ndili ku pulayimale. Pano ali ndi zaka 74 ndipo shuga wawafooketsa. Chondisowetsa tulo n'chakuti zonse zili m'mutu mwawo: kumene amagula malamba ndi masefa, amene anagayitsa pangongole, ngakhale nambala yachinsinsi ya Mpamba. Kabuku ka ngongole kamagona m'thumba la jekete lawo, palibe amakakhudza. Ndikangotchula za wilo amati, "Mwayamba kundilosera imfa?"

Ana tilipo anayi, atatu tili m'tauni. Amene amachidziwa chigayocho ndi alamu anga, amuna a mng'ono wanga. Injini ikangosintha kaliridwe, iwo amadziwiratu chavuta. Koma kwa azakhali ayamba kale kunong'ona kuti mkamwini asamakule mwendo, chigayo n'cha ana a azakhaliwo.

Ndinawerengapo za kafukufuku wa John Ward, katswiri wa mabizinesi a mabanja, wa makampani 200 a ku Illinois, ku America, kuyambira 1924 mpaka 1984. Patatha zaka 60 zimenezo, 13 okha pa 100 alionse ndi amene anali akadali m'manja mwa banja lomwelo. Mtima unandipweteka. Komanso ku Japan, Osamu Suzuki amene anatsogolera kampani ya galimoto ya Suzuki kuyambira 1978 anali mkamwini, anachita kutenga dzina la banja la mkazi wake. Nanga ife tikanirenji munthu wodziwa ntchito?

Ndiwayambe bwanji bambo osawakhumudwitsa? Alipo anadutsamo?

Yankho 1: Achemwali, pepani. Lamulo la 2011 lokhudza chuma cha masiye limaika patsogolo mkazi ndi ana ngati munthu wamwalira osalemba wilo, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Komabe wilo ndi imene imatseka pakamwa anthu msanga.

Yankho 2: Musayambe ndi mawu akuti wilo. Kwathu tinayamba ndi kupempha madala kuti tikopere kabuku ka ngongole m'kope lina, poti maso awo anali atayamba kuvuta. Kenako tinalembetsa bizinesi ngati kampani, ana tonse tili ndi masheya, woyendetsa amalandira malipiro pamwezi. Umwini ndi uyendetsi muzisiyanitse, alamu anuwo akhoza kuyendetsa popanda kukhala eni.

Wofunsa: Zikomo kwambiri. Loweruka ndikupita kumudzi, ndikayamba kukambirana ndi amayi, poti bambo amamvera iwowo. Za masheyazo ndifotokozereni bwino, munagawana mofanana?