Kodi ndiwatengere makolo anga kukagona ku Huntingdon House ku Thyolo?

Nachisale_Leeds

Abale anga, ndithandizeniko maganizo. Mu Julaye bambo ndi mayi akukwanitsa zaka 40 ali m'banja, ndipo ine ndikubwera kumudzi kutchuthi. Ndaganiza zowatengera ku Huntingdon House, nyumba yakale ija ili m'kati mwa esiteti ya tiyi ya Satemwa, akagoneko, wina aziwaphikira, iwo azingopuma pakhonde. Mayi ndiye amakonda maluwa koopsa. Kwathu ku Chirimba bwalo n'lochepa, koma adadzala maluwa m'zitini za penti, m'matayala akutha, mpaka m'ketulo yobooka, ndipo madzi otsukira mbale sataya, amathirira. Ndikufuna akaone munda wa maluwa wotakasuka, akayendemo mosathamanga.

Nkhawa yanga ili pa bambo. Iwo adabadwira ku Thyolo komweko. Agogo aamuna adali Mlomwe wochokera ku Mozambique, adagwira thangata pa esiteti ina, osati imeneyi, ndipo agogo aakazi ankathyola tiyi. Bambo amasimba kuti ali mwana ankapititsa chakudya kumunda, nyumba ya bwana n'kumangoionera patali, denga lokha pamwamba pa mpanda. Nditawauza pa foni za ganizoli adakhala chete, kenako adangoti, "Kumeneko n'kwa azungu, mwana wanga." Sadakane, sadavomerenso.

Amene mudapitako, malowo ndi otani? Munthu wamkulu ngati iwo angakamasuke? Sindikufuna mphatso yoti ikawadzutsire zowawa.

Mwana wa ku Bvumbwe

Achemwali, ine ndidagonako ndi akazi anga, ndiye ndikuuzeni zomwe ndidaona.

Musayembekezere hotela. Ndi nyumba ya banja, imene Maclean Kay, mzungu wa ku Scotland amene adayambitsa Satemwa mu 1923, adamanga mu 1928. Zipinda zogona zilipo 5 zokha, ndipo zili ndi mayina m'malo mwa manambala, monga Father's Room, Mother's Room, The Nursery ndi The Chapel. Chifukwa cha kuchepako muyenera kusungitsa malo nthawi ikadalipo, makamaka Julaye amene alendo akunja amachuluka. Kuchepa komweko ndi kumene kungawathandize bambo anu. Palibe chipwirikiti, ndipo amene amakulandirani, kukuphikirani ndi kusamala munda ndi anthu akwathu, mumacheza nawo m'Chichewa bwinobwino.

Mayi anu akasangalala, pamenepo musakayike. Kapinga wake ndi wometedwa mofanana mpaka umachita manyazi kupondapo ndi nsapato. Mitengo ndi ikuluikulu, yoti wodzala adapita kalekale, ndipo munda wa maluwa ukangothera, tiyi wayamba, wobiriwira kutsika ndi kukwera zitunda mpaka kumene maso alekezera. Ine ndidadzuka mbandakucha n'kukapeza bambo wina akusadzulira maluwa ndi sizasi, mame ali mbuu. Ndidaima nawo nthawi yaitali akundilongosolera duwa lofuna mthunzi ndi lofuna dzuwa. Mayi anu akadzuke m'mawa chomwecho, akawapeze anthu amenewa ntchito ikadali m'manja. Pakapinga pomwepo alendo amasewera croquet, kumenya mpira ndi nyundo yamtengo kuti udutse pa tizipata tachitsulo, ndipo masana amakupatsirani tiyi panja.

Musalephere kukalawa tiyi ku fakitale. Amandandalika makapu patebulo, wakuda, wobiriwira, woyera ndi oolong, mumatunga ndi supuni n'kukoka mwaphokoso kuti fungo lifike kumphuno. Tonse tidakulira tiyi wakuda wa mkaka ndi shuga wambiri, ndiye zimadabwitsa kumva kuti yenseyo ndi tsamba la mtengo umodzimodzi, kusiyana kuli pa kathyoledwe ndi kakonzedwe.

Za ulendo: kuchokera ku Limbe mumatenga msewu wa ku Thyolo kudutsa kwathu ku Bvumbwe, mumakhota musanafike pa boma. M'kati mwa esiteti msewu ndi wafumbi. Julaye ndi nyengo ya chiperoni, nkhungu ndi mvula yowaza zimatha kugwira tsiku lonse, choncho majuzi, masokosi ndi mpango wa mayi zisatsale. Kukacha bwino phiri la Mulanje limaoneka.

Mphunzitsi Wopuma

Mwana wanga Nachisale, ndine wa msinkhu wa bambo ako, ndipo ndidaphunzitsa ku Thyolo zaka zambiri. Kukhala chete kwawo ndakumva.

Uyenera kudziwa chimene chili kuseri kwa mawu aja. M'zaka za m'ma 1890 boma la Harry Johnston lidapereka zikalata zotsimikizira azungu kuti malo aakulu a m'mapiri a Shire ndi awo, ndipo ku Thyolo kampani ya British Central Africa idali ndi malo osaneneka. Alomwe amene ankathawa nkhanza za Apwitikizi adafikira pa malo amenewa. Kuti umange nyumba ndi kulima kadimba, unkalipira ndi thukuta lako. Ndiye thangata ameneyo, mawu amene kwa makolo athu ankatanthauza kuthandizana pakati pa anansi, koma pa esiteti adasanduka goli. Chilembwe adaukira mu 1915 ku Chiradzulu pa nkhani zomwezi. Mu 1928, chaka chomwe nyumba ukunenayo idamangidwa, kudabwera lamulo lolola anthu kulipira lendi ndi ndalama kapena mbewu m'malo mwa ntchito, koma lidasiyirabe eni malo mphamvu yothamangitsa mabanja. Mu 1953 ku Thyolo kudabuka zipolowe, anthu adafa. Thangata adathetsedwa mu 1962, bambo ako ali kamwana. Mpaka lero ku Thyolo malo olima ndi ochepa, munthu amalima chimanga pa katsetse, m'munsi mwake muli tiyi wa esiteti. Choncho akamati n'kwa azungu sakunena za mtengo wa chipinda ayi.

Komabe ine ndikuti apite, ngati mtima wawo walola. Njerwa za nyumba zakale za m'maesiteti adaumba ndani? Adakumba maenje a mitengo ija ndani, adasenza madzi othirira maluwa m'chilimwe ndani? Ndi anthu ngati agogo ako. Kukongola kumene alendo amajambula kuja muli manja a anthu athu, ndipo mwana wa wothyola tiyi ali ndi chifukwa chokwanira chokhalira pakhondepo n'kupatsidwa kapu.

Koma usawadzidzimutse, usawakokere. Ukafika ukakhale nawo pansi, awiriwiri, uwafunse. Ndipo ngati avomera, yambani mwapita kumudzi kwawo, akaone abale ndi manda a makolo awo, kenako muzikalowa ku esiteti. Mukakayenda m'munda wa tiyi uwasiye iwo atsogole. Adzakuonetsa okha kathyoledwe ka masamba awiri ndi nsonga, kaponyedwe ka m'dengu la kumsana, ndi chifukwa chake mitengo ya bulugamu imadzalidwa pafupi, kuti ikhale nkhuni zoumitsira tiyi ku fakitale. Zimenezo amazidziwa kuposa iwe ndi ine.

Mayi a Tadala

Ine ndisiyaneko pang'ono ndi anzangawa. Malo oterewa ndi odula, ndipo makolo athu akamva ndalama imene yapita pa usiku umodzi, tulo sabwera, amangowerengera matumba a feteleza. Bwanji osangopita masana, mukadye nkhomaliro, mayi akaone maluwa, mukalawe tiyi, madzulo n'kubwerera ku Chirimba? Si patali. Muyambe mwaimba foni kuti akudikireni. Bambo akakonda, ulendo wina mudzagone.

China, auzeni akukhitchini nthawi ikadalipo zimene makolo anu amadya. Munthu wamkulu akagona osadya nsima amati wagona ndi njala, ngakhale patebulo padutse mbale zingati. Ndipo mayi akakopeka ndi duwa apemphe kaye kwa osamala munda asanathyole kanthambi kokadzala.

Nachisale_Leeds

Zikomo nonse. Aphunzitsi, mawu anu ndawawerengera bambo pa foni usiku wathawu, onse osadumpha. Pa nkhani ya 1953 adandiimitsa, n'kundiuza kuti agogo adabisala m'nkhalango ya m'phiri la Thyolo masiku amenewo, chinthu chimene ine sindidachimvepo. Tidacheza mpaka batire la foni yawo lidatha.

M'mawa uno aimbanso. Akuti apita, ndipo akufuna kugona, osati kungodya n'kubwerera, choncho Mayi a Tadala mundikhululukire, koma za nsima ndi za kanthambi ndazisunga. Apempha zinthu ziwiri: tidzere kumudzi monga mwanenera, ndipo titenge azakhali, mlongo wawo wamkulu, amene adathyola tiyi kuyambira ali mtsikana mpaka msana udakana. Azakhaliwo miyendo imavuta, amayenda ndi ndodo. Achimwene a ku Bvumbwe, kuchokera poimika galimoto kukafika pakhonde ndi mtunda wotani, nanga chipinda chiti chimene chili pafupi ndi podyera kuti ndiwapemphere chimenecho?