Kodi maphunziro a mbiri yakale anawathandiza a Gordon Brown pa ndale?

Nambewe:
Akuluakulu, ndikupempha inu amene mumatsatira ndale za ku Britain kuti mundiunikire. Ambirife timawadziwa a Gordon Brown ngati nduna ya zachuma kuyambira 1997 mpaka 2007, kenako nduna yayikulu mpaka 2010, koma asanakhale phungu anali katswiri wa mbiri yakale, ndipo analandira digiri ya udokotala ku yunivesite ya Edinburgh mu 1982. Kodi maphunzirowa anaonekera pa ntchito yawo, kapena anangotsala papepala?

Mphunzitsi Wopuma:
Anaonekera ndithu, mayi Nambewe. Kafukufuku wawo anali wa chipani cha Labour ku Scotland pakati pa 1918 ndi 1929, ndipo mu 1986 anatulutsa buku la moyo wa James Maxton, phungu wa dera la Bridgeton ku Glasgow, amene ankakoka makamu polankhulira amphawi, koma anakhala m'nyumba ya malamulo kuyambira 1922 mpaka imfa yake mu 1946 osalawako mpando uliwonse m'boma. Ine ndimaona kuti a Brown anatolapo phunziro loti kulankhula mokoma uli kotsutsa sikudyetsa munthu. N'chifukwa chake atasankhidwa kukhala phungu wa Labour wa dera la Dunfermline East mu 1983 analimbikira kuti anthu a malonda asiye kuchiopa chipanicho, ndipo atangolandira unduna wa zachuma anapatsa Bank of England, banki yayikulu ya dzikolo, mphamvu zokhazikitsa yokha chiwongoladzanja.

Jere:
Aphunzitsi, pepani, ndisiyana nanu pang'ono. Bamboyu anakulira ku Kirkcaldy m'nyumba ya m'busa wa mpingo wa Church of Scotland, mmene osowa ankabwera kudzagogoda pakhomo, ndipo diso lakumanzere linasiya kuona atavulala pa masewero a rugby ali mnyamata. Khama limene anaonetsa mu 2005 poumiriza mayiko olemera kuti akhululukire ngongole mayiko osauka, zimene Malawi anapindula nazo mu 2006, ndimalilumikiza ndi kakulidwe kameneka kuposa mabuku.

Nachisale:
Nonse awiri mwanena zoona, komabe mwawachitira chifundo chambiri. Pamene katswiri wa mbiri anamvekadi panali mu 2014, pa riferendamu yofunsa ngati Scotland ichoke mu United Kingdom, pomwe anakumbutsa anthu zimene anamanga limodzi ndi anzawo a ku England, monga chithandizo chaulere cha m'zipatala, ndipo anthu 55 pa 100 alionse amene anavota anakana kuchoka. Koma ndi iwo omwe amene ankabwereza m'nyumba ya malamulo kuti zoti chuma chizikwera kenako n'kugwa sizidzabwereranso. Munthu amene anafufuza zaka zothera mu 1929, chaka chimene chuma cha mayiko ambiri chinayamba kugwa, sankayenera kulonjeza zotero, ndipo mu 2008 boma lawo lomwe linakakamizika kupulumutsa Royal Bank of Scotland ndi ndalama za msonkho.