Madzi amakwera bwanji okha m'dothi?

Wofunsa: Akuluakulu, chimakoka madzi kuchokera pansi kupita pamwamba m'dothi n'chiyani? Nanga bwanji mumchenga sakwera patali?

Mlimi_wa_dimba: Madzi amamatirira ku tinthu ta dothi, komanso amagwirana okhaokha mwamphamvu pamene akumana ndi mpweya. Ziwirizi ndi zimene zimawakokera m'timipata. Kampata kakachepa, amafika patali. M'kapaipi kagalasi ka bowo la milimita 1 amakwera pafupifupi masentimita 3, koma bowo likakhala milimita 0.1 amafika masentimita 30. Mchenga uli ndi mipata ikuluikulu, n'chifukwa chake amathera pafupi.

Zanthaka: Zoona. M'makande amatha kupitirira mita, kungoti amayenda pang'onopang'ono kwambiri. Akafika pamwamba n'kuuma, mchere umatsalira pomwepo. Phimbirani nthaka ndi udzu.

Wa_nazale: Chonde musamaike miyala pansi pa mphika wa mbewu poganiza kuti madzi azituluka msanga. Timipata ta dothi timawagwira, sitiwalola kutsikira m'miyala mpaka dothilo litakhuta. Choncho chinyontho chimakhazikika pafupi ndi mizu, mizuyo imasowa mpweya n'kuwola. Boolani mphikawo pansi, mudzaze dothi lofanana kuyambira pansi mpaka pamwamba.