Denga lasasuka, kodi tingatapeko pa ndalama za SIG?

Ahedi a kumapiri: Akuluakulu anzanga, ndithandizeni nzeru. Mphepo ya Lachiwiri yasasula denga la Sitandade 2, malata apindikapindika, mapaso awiri athyoka. Ana akuphunzirira pansi pa mtengo wa mango, mvula nayo yayamba. Ndalama za SIG, zimene boma limapereka zotukulira sukulu, zilipo ku banki, koma mu SIP, pulani yathu yotukulira sukulu, tinalembamo choko, makope ndi chimbudzi cha atsikana. Nditapeko ndigule malata?

Mayi Wachiwiri: Pepani nazo bambo. Koma musatape nokha, ngakhale pa zabwino. Odzawerengera ndalama safunsa za mphepo, amafunsa pepala. Itanani komiti ya sukulu, a PTA (komiti ya makolo ndi aphunzitsi), a Mother Group ndi amfumu, mugwirizane zosintha SIP, mulembe maminitsi, onse asayine. Mukatero pitani nawo kwa a PEA, alangizi a sukulu za pulayimale m'dera lanu, iwo akatule ku ofesi ya maphunziro ya boma lanu.

Mkulu wopuma: Kumbukiraninso kagawidwe ka ndalama za SIG: 50 peresenti ndi ya kukweza maphunziro, 40 ya kuonetsetsa kuti ana onse akubwera ndi kukhala pasukulu, 10 ya kayendetsedwe ka sukulu. Denga likulowa mu 40 muja. Ndiye chomwe chingadikire ndi chimbudzi, osati choko. Mukakhudza 50 uja mudzavutika kufotokoza.

Mayi Wachiwiri: Apo ndiye ndikukana, achikulire. Chimbudzi cha atsikana ndicho chimadikira chaka chilichonse, kenako timadabwa atsikana a Sitandade 7 akujomba masiku a kumwezi. Kwathu tinakumba dzenje n'kuthira silabu, makolo anaumba njerwa, ndalama yotsalayo ndiye inapita ku malata. Zonse ziwiri zinayenda, ngakhale chitseko tinaika mochedwa.

Mkulu wopuma: Mwanena zoona. Kagawidweka sikadziwa kuti kudzawomba mphepo.

Aphunzitsi a masamu: Musaiwale makoteshoni atatu ndi malisiti okhala ndi chidindo. Malata opindikawo musataye, mmisiri awongole, mwina theka libwererapo. Kauzeninso a komiti yoona za ngozi m'mudzimo kuti lipoti lifike kukhonsolo. Thandizo lake limachedwa, komabe dzina la sukulu likhale m'kaundula.

Ahedi a kumapiri: Zikomo nonse. Msonkhano ndauitanitsa Lachisanu m'mawa. Amene ali ndi chitsanzo cha kalata yosinthira SIP anditumizire pa WhatsApp usiku uno, netiweki kuno imagwira pachulu pokha.