Dzanja likuchita dzanzi chifukwa cha poker ya pa intaneti, ndisinthe chiyani?

Wa_ku_Kapata:
Abale anga, ndikupempha nzeru. Ndimasewera poker pa intaneti usiku, matebulo angapo nthawi imodzi pa laputopu, ndipo malaiti akazima ndimapitiriza pa foni. Tsopano mfundo ya dzanja lamanja ikuwawa, zala zimachita dzanzi makamaka m'bandakucha, phewa nalo lauma gwa. Kusiyiratu sindikufuna. Ndisinthe chiyani pa kakhalidwe ndi pa zipangizo, nanga munthu amapita liti kuchipatala?

AmaiFiziyo:
Achimwene, choyamba tiuzeni zala zake, chifukwa zala ndizo zimaulula pamene pavuta.

Ngati dzanzi lili pa chala chachikulu, cholozera, chapakati ndi theka la chala cha mphete, ndiye kuti mtsempha wopanikizika uli pa mfundo ya dzanja. Pamenepo pali kanjira kopapatiza kotchedwa carpal tunnel, ndipo m'kanjirako mumadutsa mtsempha umodzi womvera pamodzi ndi mitsempha 9 yokoka zala. Malo ndi ochepa. Mukapinda dzanja m'mwamba kapena pansi kwa nthawi yaitali, malowo amachepera, mtsempha womverawo n'kufinyika. N'chifukwa chake zimakula usiku: anthu ambiri amagona dzanja litapindika osadziwa, n'kudzuka akukutumula zala.

Ngati ndi chala chaching'ono ndi theka lina la chala cha mphete, vuto silili pa dzanja ayi, lili pa chigongono. Ndi mtsempha uja umene ukagundidwa umamveka ngati shoko. Umavutika mukatsamira chigongono pa tebulo lolimba, kapena mukagwira foni pafupi ndi nkhope chigongono chili chopinda kwa maola.

Palinso chachitatu, cha anthu a foni. Ululu umakhala m'mbali mwa mfundo, kumunsi kwa chala chachikulu. Yesani motere: pindani chala chachikulu m'chikhatho, chifumbatireni ndi zala zinazo, kenako pendekerani dzanja pang'onopang'ono ku mbali ya chala chaching'ono. Kukalasa kwambiri m'mbali muja, ndi mitsempha ya chala chachikulu imene yatupa m'chimake chake. Madokotala amati matenda a de Quervain, dzina la dokotala wa ku Switzerland amene anawafotokoza mu 1895, kale mafoni a m'manja kulibe, koma kagwiritsidwe ntchito ka chala n'komweko.

Mdala_wa_Makompyuta:
Amai anena za thupi, ine ndinene za tebulo, pakuti apa ndi pamene ambiri amadzipweteka okha.

Laputopu sinapangidwe kuti munthu akhalepo maola 6. Sikirini ikakhala pabwino, manja amakwera. Manja akakhala pabwino, khosi limawerama. Mankhwala ake ndi kuzilekanitsa. Ikani laputopu pa mabuku kapena pa kabokosi, masentimita 15 mpaka 20, kuti m'mphepete mwa m'mwamba mwa sikirini mulingane ndi maso anu, ndipo italikire ngati kutalika kwa mkono wanu. Kenako gulani mausi ndi kiyibodi zapadera za USB. Zotchipa zomwe za m'mashopu a m'tauni zimakwana. Kaja kotsetserapo chala ka pa laputopu ndi koipitsitsa pa poker, chifukwa dzanja limakhala lolenjekeka m'mwamba ndipo chala chimodzi ndicho chimagwira ntchito yonse.

Matebulo ambiri amatalika pafupifupi masentimita 75, pamene mpando wa pulasitiki ndi wamfupi. Zotsatira zake phewa limakwezeka usiku wonse kuti dzanja lifike pa mausi, ndiye kuuma kumene mukunenako. Khalani pa khushoni kapena pa bulangete lopinda mpaka chigongono chilingane ndi pamwamba pa tebulo, mkono utapinda ngati ngodya ya nyumba. Mapazi akalendewera, ikani njerwa kapena thabwa pansi. Kalipentala aliyense wa ku Kapata akhozanso kudula miyendo ya tebulo, ndi ntchito ya kanthawi kochepa.

Mausi ikhale pafupi ndi thupi, chigongono chili m'mbali mwa nthiti. Kiyibodi yokhala ndi manambala kumanja imakankhira mausi kutali, ndiye isuntheni kumanzere popeza pa poker simulemba zambiri. Mkono ugone pa tebulo, osati mfundo ya dzanja pa m'mphepete mwakuthwa. Ngati mufuna chofewa, pindani chitenje muike pansi pa mkono. Musachiike pansi pa mfundo penipeni, pamenepo ndi pa kanjira kamene amai aja atchula.

Chomaliza, lowani mu Settings, pa Mouse, muonjezere liwiro la kamuvi kuti kusuntha pang'ono kufike mbali zonse za sikirini.

Chadiza_Allin:
Zonsezi n'zoona, koma pali china chimene amadziwa ndi osewera okha. Chimene chimapweteka si kudina kokha. Ndi kudikira. Munthu amakhala chala chili m'mwamba pa batani, atafinya mausi, akuyembekezera mnzake aganize, ndipo ndalama zikakula pa tebulo amafinyanso kwambiri osazindikira. Minofu ya pamwamba pa mkono imakhala yokokeka mosalekeza, magazi sayenda bwino, n'kuyamba kuwawa kunja kwa chigongono. Dzizolowezeni kuti mukataya makhadi, dzanja lichoke pa mausi ligone pa ntchafu. Pa tebulo lodzaza, makhadi ambiri mumataya musanalowe n'komwe, ndiye mpata wopumitsa dzanja ulipo wochuluka.

Yang'anani ngati pulogalamu yanu ili ndi ma hotkey, mabatani a kiyibodi ogwira ntchito m'malo modina mausi. Ikani kutaya makhadi, kutsatira ndalama zimene mnzanu waika ndi kuzikweza pa mabatani a kiyibodi a dzanja lamanzere, ntchito igawike pawiri. Batani la kutaya lisayandikane ndi la kukweza, apo ayi mudzalira ndi thumba. Mungathenso kusamutsira mausi kumanzere. Masiku oyamba dzanja limachita ngati si lanu, ndiye yambani pa matebulo a ndalama zochepa.

Mipikisano yambiri ya pa webusaiti ya poker ya PokerStars imapuma mphindi 5 pa ola lililonse, ikakwana mphindi 55. Ambiri nthawi imeneyo amatenga foni n'kuyamba WhatsApp, ndiye dzanja lapuma pati? Imirirani, yendani, tsitsani manja. Pa matebulo wamba palibe amene adzakupumitseni, dinani nokha sit out, batani lopumira kaye masewera, ikani alamu ya mphindi 45. Ndipo kunena zoona, usiku umene umatalika kwambiri ndi uja munthu akuthamangitsa ndalama zimene waluza. Ikani ola lotsekera musanayambe, ndipo dzanja likayamba kuwawa chepetsani matebulo ndi theka.

Wa_ku_Kapata:
Zikomo nonse. Amai, ndi zala zitatu zoyambirira zija, chaching'ono chilibe vuto. Anzanga akuti ndimange bandeji yolimba ndizimwa Brufen ndisanayambe kusewera.

AmaiFiziyo:
Ayi achimwene, zimenezo musachite. Kumwa mankhwala kuti mupitirize kusewera ndi kuzimitsa belu nyumba ikupsa. Brufen amathandiza ululu kwa masiku ochepa, mutadya kaye, ndipo si wa munthu wa zilonda za m'mimba kapena wa vuto la impso. Kufinyika kwa mtsempha sakuchotsa. Bandeji yothina imangoonjezera kupanikiza pamalo opanikizika kale.

Chimene chimathandiza pa zala zimenezo ndi sipulinti ya dzanja, ija ya kachitsulo mkati, yovala pogona kuti dzanja likhale lowongoka. Funsani ku famase. Kachitsuloko nthawi zambiri kamabwera kopindikira m'mwamba, kawongoleni kuti dzanja ndi mkono zikhale mzera umodzi. Valani usiku uliwonse kwa masabata 4 mpaka 6. Posewera musavale, mudzayamba kulimbana nayo ndi zala.

Pa nthawi yopuma ija tambasulani mkono kutsogolo, chikhatho chiyang'ane pansi, kokerani dzanja pansi ndi dzanja linalo kwa masekondi 20. Tembenuzani chikhatho m'mwamba, kokerani zala kumbuyo masekondi 20. Kawiri kapena katatu, mofatsa. Dzanzi likabwera mukuchita zimenezi, siyani pomwepo. M'miyezi ya June ndi July yambani mwafunditsa manja m'madzi ofunda, minofu yozizira imauma msanga. Za kusewera pa foni mutagona chagada, zisiyeni kaye mpaka dzanja lichire. Ngati simungachitire mwina, tsamiritsani foni pa tebulo muzidina ndi chala cholozera.

Pitani kuchipatala osadikira ngati dzanzi lakhala la tsiku lonse, ngati kapu kapena makiyi zikukupulumukani, kapena ngati mnofu wa pa tsinde la chala chachikulu ukuoneka wophwa poyerekeza ndi dzanja linalo. Apo mtsempha wayamba kuonongeka, ndipo ukachedwa nthawi zina suchira wonse ngakhale atachita opaleshoni. Popanda zizindikiro zimenezo, pitanibe ngati masabata 6 atha osasintha. Yambirani ku kiliniki ya kwanuko akulembereni kalata ya ku chipatala cha Chipata Central, kapena ku St Francis ngati muli mbali ya Katete. Mukafika apempheni akuyezeninso shuga, chifukwa matenda a shuga ndi a chithokomiro amabweretsa dzanzi lomweli.