Kodi Arthur C. Clarke tizimukumbukira ngati mlembi kapena ngati wasayansi?

Mphunzitsi wa ku Dedza:
Moni nonse. Sabata yatha mwana wina wa Fomu 3 anandifunsa chifukwa chake dishi ya padenga imaloza kumodzi chaka chonse pamene setilaiti imene ikutumiza zithunzi ikuyenda mumlengalenga. Pomuyankha ndinatchula Arthur C. Clarke, Mngelezi amene anabadwa mu 1917 n'kumwalira ku Colombo, m'dziko la Sri Lanka, mu 2008 ali ndi zaka 90. Ndikupempha amene munawerenga zolemba zake kuti mundithandize: kodi ulemu umene amapatsidwa ndi wa nthano zake, kapena wa zimene ananeneratu?

Wokhoma madishi:
Aphunzitsi, yankho la mwanayo lili m'nkhani imene Clarke analemba m'magazini ya Wireless World mu 1945, atagwira ntchito ya rada (makina ozindikira ndege zikadali kutali) pankhondo yachiwiri yapadziko lonse. Iye anafotokoza kuti chinthu chimene chaikidwa pamtunda wa makilomita pafupifupi 36,000 pamwamba pa ikweta (mzere woyerekeza wogawa dziko pakati) chimazungulira dziko kamodzi patsiku, motero kwa munthu amene ali pansi chimaoneka ngati chaima, ndipo zinthu zitatu zotere zingafikitse mauthenga pafupifupi padziko lonse. Panthawiyo kunalibe setilaiti ngakhale imodzi, chifukwa yoyamba, Sputnik, inakwera mu 1957. Mu 1964 setilaiti yotchedwa Syncom 3 inaikidwa panjira imene Clarke anafotokozayo ndipo inaulutsa masewera a Olimpiki a ku Tokyo kupita ku America. Ndikamakhoma dishi pakhoma la munthu, ndimadziwa kuti ndikudyera maganizo amenewo.

Mayi wokonda mabuku:
Bambo, zimene mwanenazo n'zoona, koma tisamupatse zonse. Herman Potočnik, injiniya wa mtundu wa ku Slovenia, anali atalemba kale za njira imeneyi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920, ndipo Clarke mwiniwake ankaganiza kuti m'masetilaiti amenewo mudzakhala anthu osintha zipangizo zikapsa, popeza tranzisita (kachipangizo kakang'ono ka magetsi kosapsa msanga) inali isanatulukiridwe. Kwa ine mphamvu yake ili m'nthano. Filimu ya 2001: A Space Odyssey, imene analemba pamodzi ndi wopanga mafilimu Stanley Kubrick, yomwe inatuluka mu 1968 munthu asanaponde pamwezi, ili ndi kompyuta yotchedwa HAL imene inapha anthu omwe inkayenera kuwatumikira. M'buku lake la dzina lomwelo Clarke anafotokoza kuti HAL inasokonezeka chifukwa inalamulidwa kubisa cholinga cha ulendo pamene inapangidwa kuti izinena zoona zokhazokha. Lero, pamene ana athu akufunsa nzeru kwa makina oyankhula, vuto limenelo limandisowetsa tulo kuposa nkhani ya masetilaiti.

Mphunzitsi wa ku Dedza:
Zikomo kwambiri nonse awiri. Za Potočnik sindinkazidziwa, ndipo ndiwauza ana kuti amve dzina lake. Mayi, nkhani ya HAL ndiyo ndiyambire nayo Lolemba, chifukwa ambiri mwa ana amenewa ayamba kale kufunsa makinawo mayankho a ntchito imene ndimawapatsa.